Msoti Umene Unameza Ulusi wa Telala

Mzime anali atagwada pakhomo pa khola, dzanja lili mkati mpaka m'phewa, pamene anamva achimwene ake akuuza mmisiri womanga nyumba kuti akokere chingwe choyezera mpaka kumpanda, za kholalo asaziwerengere popeza lichoka.

Sanacheuke. Zala zake zinali zitakhudza nthenga pakona ya mkati, pamene msoti wofiirira, kankhuku kosayamba n'kuikira komwe, unadzipanikiza. Nkhuku zina zonse zinatuluka ndi mkokomo atangotsegula, zikupondana ngati ana oweruka kusukulu, koma uwu unatsala. Anaukoka pang'onopang'ono. Sunalire, sunaphiriphithe. Unali wopepuka ngati kamtolo ka sanza, mapiko ali lende, maso akutsinzina ndi kuphenya mwaulesi. M'mbali mwa mlomo munali tithovu, ndipo pakapita kanthawi unkatambasula khosi n'kuyasamula, ngati wofuna kunena kanthu koma n'kusintha maganizo.

Abambo awo anaikidwa m'manda sabata yomweyo. Mipando yobwereka inali idakali yosanjikizana pakhonde, ndipo anthu opepesa anali asanaleke kubwera. Dzina loti Mzime anamupatsa ndi abambowo chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo ngakhale tsopano anali mzimayi wamkulu wa ntchito yake ku ofesi, pakhomopo panalibe womuitana mwina. Ndiye amene anapempha tchuthi matenda atakula, n'kubwera kudzagona pansi pafupi ndi bedi lawo. Anawasambitsa, anawatembenuza, anawameta ndevu, anaphunzira kuwamwetsa phala ndi kasupuni osawatsamwitsa. Achimwene, omwe ankagulitsa zipangizo za galimoto mumzinda wakutali, anafika thupi lili kale kunyumba yachisoni. Analira mokweza kuposa aliyense, ndipo misozi isanaume anayamba kuyendayenda pakhomopo manja ali m'thumba, akuyang'ana madenga ndi makoma ngati munthu wobwera kudzagula.

Mzime ataimirira ndi msoti m'manja, achimwene anaupenya ali poteropo n'kunena kuti chimenecho ndi chitopa, matenda aja amene amasesa khola lonse. Anati aupotole khosi aukwirire kutali, ndipo zotsalazo ziphedwe lero lomwe zisanadwale, alendo apezeko ndiwo. Zikatero khola likhala lopanda ntchito, mmisiri ayambe kukumba maziko.

"Maziko a chiyani?" anafunsa Mzime.

Achimwene anafotokoza modekha, ngati akulankhula ndi mwana wa sukulu, kuti kuseriko kukwana zipinda za lendi, kuti amayi asadzavutike pa ukalamba wawo. Mzime anafunsa ngati amayiwo akudziwa. Anamuyankha kuti munthu wofedwa savutitsidwa ndi nkhani za simenti, adzauzidwa zinthu zikapsa. Mmisiri, amene ankadziwana ndi malemuwo, anaweramitsa mutu n'kuyamba kukulunga chingwe chake, kenako n'kuchitambasulanso, osadziwa woti amumvere.

"Chitopa chake chabwera pa nthawi yabwino," anatero Mzime. "Chinachita kudikira mmisiri."

Analowa m'nyumba osadikira yankho.

M'khitchini munali azakhali, mlongo wa abambo awo, omwe chifikireni anadzitenga kukhala mwini nyumba. Makiyi onse anali m'thumba la epuloni yawo ndipo ankalira akamayenda, moti munthu ankadziwiratu kuti lamulo likubwera. Ataona nkhuku m'manja mwa Mzime nkhope inawala, poganiza kuti ndi ya mumphika. Atamva kuti ndi yodwala anaima pakati pa khomo n'kutambasula manja. Anati pakhomo pano pali maliro, anthu akubwerabe kudzapepesa, ndiye mwana wa malemu apezeke akulera nkhuku ngati khanda, anthuwo akanena chiyani kunjaku? Mzime anawayankha kuti akafunsa awauze kuti nkhukuyo ndi ya malemu omwewo, nayonso yafedwa. Anatenga katoni, thawulo lakale ndi kapu ya madzi ofunda, n'kulunjika ku kachipinda kosokera.

Abambo awo anali telala. Kachipinda kawo kanali pafupi ndi khomo lakuseri, zenera lake loyang'ana kukhola, ndipo Mzime anali asanalowemo chimwalirireni iwo. Atakankha chitseko anangoti chilili. Mashelefu anali opanda kanthu. Pakhoma panatsala misomali yokha, pamene pankapachikidwa tepi yoyezera, masizasi ndi mapepala odulira nsalu. Zonse zinali m'makatoni omata, ndipo makina osokera anali atakutidwa ndi bulangeti n'kumangidwa ndi chingwe ngati mbuzi yopita kumsika. Pansi panali posesedwa bwino lomwe. Fungo lokha la mafuta a makina ndi la nsalu zatsopano ndilo linakana kutuluka.

Anamva makiyi kumbuyo kwake. Azakhali anati anakonzamo ndi iwo tsiku lotsatira maliro, kuti amayi asamaone zinthu zowakumbutsa chisoni. Makinawo anati apita kwa mwana wawo wamwamuna, amene ali ndi manja a ntchito ndipo amalume ake ankamukonda kwambiri. Mzime ankamudziwa bwino msuweni wakeyo, munthu woti batani likathothoka amataya malaya. Mawu anafika pamlomo, koma msoti unayasamulanso m'manja mwake, ndipo anaona kuti mkangano ungadikire koma nkhuku singadikire. Anatseka chitseko.

Za nkhuku sankazidziwa. Zinali za abambo, ndipo iwo atagona pansi ankazidyetsa ndi amayi. Gawo lake linali kukagula chakudya chake pa sitolo ya mankhwala a ziweto ya pamphambano, ndipo nambala ya mayi wogulitsa pamenepo inali mu foni yake. Anawaimbira.

Mayiwo anayamba ndi kupepesa maliro, kenako anafunsa mafunso limodzilimodzi, Mzime akuyankha foni ataipana ndi phewa. Kodi zinzake zikudya? Zikudya, mpaka zikulandana. Kodi khosi lapindika, kapena ukuzungulirazungulira ngati woledzera? Ayi. Popuma ukumveka mkonono? Mzime anagunditsa khutu pamsana pake, namva kamtima kakugunda mofulumira, koma mkonono panalibe. Maso atupa? Sanatupe. Nanga zitosi, n'zobiriwira, zamadzi? Anayang'ana pansi pa mchira, napeza pali pouma, ndipo pathawulo panalibe kanthu. Mayiwo anati sangalumbire asanauone ndi maso, koma zimenezo sizikumveka ngati chitopa. Anamuuza kuti apapase pansi pa khosi chakumanja, pamene pali chithokomiro, kathumba kamene chakudya chimayamba kufikiramo. M'mawa nkhuku isanadye, kathumbako kamayenera kukhala kophwa.

Sikanali kophwa. Kanali kotupa, kolimba ngati mpira wa sanza.

Mayiwo anati ndiye kuti wameza chinthu chimene chatseka njira, ndipo zimachitika nkhuku ikakhala ndi njala, chifukwa imatola chilichonse. Anati aupatule kwa zinzake, asaupatse chakudya, aumwetse madzi ofunda ndi timadontho ta mafuta ophikira m'mbali mwa mlomo, kenako azisisita kathumbako mofatsa. Asauzondotse, ungatsamwe. Ayang'anenso mkamwa pamalo owala, pakhale womugwirira, ndipo akaona chingwe kapena udzu asakoke ndi mphamvu.

"Musadabwe kuti simunauone msanga," anatero mayiwo pomaliza. "Nkhuku imabisa matenda. Pamene mukuiona yagwetsa mapiko, yavutika kale masiku."

Mawu oti njala ndiwo anamukhala Mzime pamtima ngati khala la moto. Masiku onse a maliro nyumba inali yodzaza ndi anthu odziwa kulamula. Wina ankadziwa mpando woyenera mlendo uti, wina ankadziwa kuti shuga akutha msanga chifukwa cha ndani. Iye anali pamsewu, uku kuchipatala, uku kwa okhoma mabokosi, uku kumaofesi. Amayi anakhazikidwa kuchipinda pakati pa azimayi, osaloledwa kunyamula ngakhale kapu. Pa khamu lonselo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza zotsegula chitini cha chakudya cha nkhuku, koma lero aliyense anali ndi maganizo a momwe nkhukuzo zingakomere ndi anyezi.

Anadontheza madzi m'mbali mwa mlomo. Msoti unameza movutikira, ukupukusa mutu. Anadonthezanso mafuta, nasisita chithokomiro ndi nsonga za zala, monga ankasisitira miyendo ya abambo ikatupa. Kenako anaupana ndi mawondo pafupi ndi zenera n'kuyesa kutsegula mlomo. Unapotoza mutu n'kumupulumuka, koma m'kanthawi kochepako anali ataona kale. Pansi pa lilime panali ulusi wakuda, utazinga lilimelo n'kulowa kummero. Lilime linali lotupa, nsonga yake itayamba kuda.

Anaubwezera m'katoni n'kutuluka panja. Sanafunefune nthawi yaitali. Kuseri kwa khola, pamene nkhuku zimakonda kupalasa, panali mulu wa zinyalala za m'chipinda chosokera: tizidutswa ta nsalu, ulusi wopiringizana, mabatani osweka, mpaka mapini. Nkhuku zina zinali pomwepo zikupalasa. Anazipirikitsa, nagwada, nayamba kuwola zonsezo ndi manja n'kumathira mu ndowa. Moyo wonse wa abambo ake pa makina, zotsala zake zinatayidwa pamtunda ngati makoko a nthochi, malo otayira zinyalala ali poteropo.

Atabwerera m'kachipinda anayamba kung'amba makatoni. Ankafuna kasizasi kosongoka komwe abambo ankadulira ulusi. Phokosolo linaitana azakhali, omwe anaima pakhomo akudandaula kuti ntchito yawo ya tsiku lathunthu ikuwonongedwa ndi mwana wopanda mwambo. Mzime anawalozera ndowa ija, nawafunsa ngati anafulumira chotero kumanga makina moti analibe nthawi yofika pa bini. Azakhali anagwira pakamwa, kenako anaitana achimwene kuti abwere adzamve momwe mlongo wawo akulankhulira ndi akuluakulu.

Achimwene analowa ndi nkhope ya woweruza milandu, malaya oyera atapisira. Asanatsegule pakamwa, Mzime anawaika msoti m'manja.

"Gwirani. Mapiko muwapane, mutu muukweze chakuzenera."

"Iwe, ndanena kuti ichi chiphedwe."

"Mwanena, ndamva. Tsopano gwirani."

Kaya chinali chifukwa cha mawu ake, kaya chifukwa nkhuku inali kale pa malaya ndipo panalibe poiponya, koma anagwira. Mzime anatsegula mlomo ndi chala chachikulu n'kuwaonetsa. Achimwene anawerama, nayang'anitsitsa. Ulusiwo ankaudziwa onse awiri. Unali wolimba uja abambo ankasokera mayunifomu awo, woti mwana ankakula n'kusiyira mnzake malaya msoko usanamasuke.

Kulowetsa nsonga ya sizasi pansi pa ulusi osabaya lilime inali ntchito yofuna kudekha. Msoti ukangogwedezeka, ankayambiranso. Ali chiweramire choncho, mitu itayandikana, Mzime analankhula motsitsa mawu.

"Matenda mumawadziwira patali inu. Uwu mwauweruza muli kumpanda. Abambo munawaweruza muli pa foni."

"Usayambe zimenezo pano."

"Ndikayambire kuti? Ndinakuimbirani atasiya kudya. Ndinakuimbirani atagwa kubafa, ine ndikulephera kuwadzutsa mpaka kukaitana anthu odutsa mumsewu kuti adzanyamule abambo anga ali maliseche. Munkati mubwera kumapeto kwa mwezi. Mwezi wake unali uti?"

Achimwene anayankha, maso ali pa nkhuku, kuti nthawi zonse Mzime akawaimbira, iwo ankatembenuka n'kuimbira abambo. Ndipo abambo ankaseka. Ankati n'chimfine cha ukalamba, Mzime ndi wamantha chibadwire, munthu asatseke sitolo chifukwa cha nkhalamba yaulesi. Tsiku lina mpaka anayimba nyimbo pa foni, kuti mwana wawo amve kuti chifuwa chili bwino.

Mzime anachotsa sizasi pamlomo wa nkhuku. Tsikulo ankalikumbukira. Anali m'khitchini, namva abambo akuimba kuchipinda, iye n'kusangalala kuti mankhwala ayamba kugwira. Atalowa anawapeza ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, foni ili pachifuwa. Mkwiyo umene anausungira achimwene unapeza mwini wachiwiri, ndipo mwini wakeyo anali koti sangafunsidwenso. Iye akusenza yekha munthu wamkulu mpaka msana kuuma, iwo n'kumamutcha wamantha, kuti mwana wawo wamwamuna asasokonezedwe pa malonda.

"Anakunamizani, chabwino," anatero. "Koma okuuzani tinalipo awiri, wina zowawa, wina zokoma. Munasankha nokha womukhulupirira. Msewu wobwera kuno sunatsekedwepo."

Achimwene anakonza kagwiridwe ka mapiko, nakweza mutu wa msoti kuti kuwala kulowe bwino mkamwa.

Ulusi unaduka ndi kaphokoso kakang'ono. Mzime anamasula wozinga lilime, nadontheza mafuta, nagwira nsonga yolowa kummero n'kuikoka pang'onong'ono. Unabwera, wonyowa ndi wonunkha, wautali kuposa chikhatho, kenako unakana. Anakumbukira mawu a mayi wa kusitolo, naudula pomwepo. Wotsalawo unayenera kudzipezera njira. Ataviika mlomo m'kapu, msoti unayamba wakhala duu, kenako unamwa wokha, n'kukweza mutu kuti madzi atsike.

"Wamwa," anatero achimwene, mawu akumveka ngati a munthu wina.

Panalibe amene anawamva amayi akubwera. Anangoona azakhali akupatuka pakhomo. Amayi anali atachepa thupi m'masiku ochepawo, diresi likuwakulira, koma anaima osagwira khoma. Anayang'ana makatoni ong'ambika, makina omangidwa, ndowa ya zidutswa, ndi malaya a mwana wawo othimbirira ndi mafuta. Pazenera anaona mmisiri atakhala pamwala, chingwe chake chili pamwendo. Anafunsa kuti bambo uyo akudikira chiyani. Achimwene anayamba kufotokoza za zipinda za lendi ndi za ukalamba, koma mawu anawathera panjira.

"M'nyumba muno wamwalira munthu mmodzi," anatero amayi. "Ine ndilipo. Wofuna kuyeza bwalo langa ayambe wandifunsa."

Anauza achimwene kuti amupatse mmisiriyo tiyi n'kumuperekeza mwaulemu, popeza iye sanalakwe. Kenako anatambasulira dzanja kwa azakhali, chikhatho chili m'mwamba, n'kudikira. Azakhali ananena zambiri. Anati iwo amangothandiza, malemu anali mlongo wawo wa bere limodzi, ndipo tsopano akuona kuti chifundo chinaphetsadi msemamitondo. Amayi anawathokoza pa thandizo lonselo, koma dzanja silinatsike mpaka makiyi anagweramo.

Mzime sanamve ngati wapambana. Anamasula chingwe cha makina, nabwezera tepi ndi masizasi pa misomali yake, nakulunga botolo la madzi ofunda m'sokosi n'kuliika m'katoni. Masana onse ankabwerera pafupipafupi kudzadontheza madzi ndi kusisita. Achimwene anavula malaya oyera aja n'kuvala sikipa, ndipo chakumadzulo anaima pakhomo n'kufunsa ngati angasisiteko. Anawasunthira mpando osawayang'ana. Zala zawo zinali zazikulu ndi zamantha. Anawauza kuti achepetse mphamvu, si tayala limenelo, ndipo mawu ake a tsikulo kwa iwo anathera pomwepo. M'khitchini azakhali ankaphika nyemba, mapoto akulira mokwanira kuti nyumba yonse idziwe kuti alakwiridwa.

M'mawa mwake anapeza pathawulo pali chitosi, ndipo m'chitosimo munali tiulusi takuda. Chithokomiro chinali chitafewa, ngakhale sichinaphwereretu. Msoti unaima pa miyendo yake ukudzandira, n'kumuyang'ana ndi diso limodzi. Mayi wa kusitolo atamva anati ndi chiyambi chabwino, koma asafulumire kuvina. Ausungebe padera, aupatse dzira lowiritsa lonyenyanyenya pang'ono, ndipo lilimelo aziliyang'ana. Msoti unajompha dziralo mosamala ngati munthu wa dzino lowawa, n'kumeza.

Atatuluka kukataya madzi a m'kapu, anapeza achimwene ali kumpanda wa matabwa wolekanitsa bwalo lawo ndi la oyandikana nawo. Za zipinda anali atazisiya, koma manja ankawayabwabe. Anali atapeza thabwa limodzi lolendewera pa msomali wa m'mwamba wokha, ndipo kuseri kwake nkhuku zachilendo, zoonda, za nthenga zosagwirana, zinkasuzumira pampata. Anatsekapo ndi njerwa, nyundo ili m'manja. Anati pamenepa ndiye polowera matenda, ndiponso chakudya chimene Mzime ankagula chinkathera m'mimba mwa nkhuku za eni. Anati pa ichi chokha sangawatsutse.

Mzime sanawatsutse. Anayang'ana milomo yosuzumirayo, mtima n'kumupsanso. Zinkaoneka kuti pakhomo pano aliyense anali ndi pake potolera, abale ndi nkhuku zomwe.

Apo m'pamene amayi anatuluka ndi chitini cha chakudya m'khwapa. Kanali koyamba kuponda kuseriko chichitikireni maliro. Anatsegula khola, nawaza chakudya, nkhuku n'kuwazinga miyendo. Atatha anayenda mpaka kumpanda, nakankha njerwa ija ndi phazi, n'kupendeketsa thabwalo chammbali. Linayenda mosavuta, ndipo pamene linkakhula thabwa linzake panali posalala, pooneka kuti si zadzulo. Nkhuku zachilendo zinalowa pamzere, mosakayika, ngati zolowa kwawo.

Amayi anati thabwalo silinazuke lokha. Mayi wa kuseri kwa mpandawo anasiyidwa ndi mwamuna ana ali aang'ono, ndipo amawaphunzitsa ndi ndalama za mazira. Abambo anamutengerapo thumba la chakudya cha nkhuku, iye n'kulibweza, akuti si wopemphapempha. Abambo anabwera nalo thumbalo, natenga nyundo, n'kuzula msomali wa m'munsi.

"Ankati munthu akhoza kukana thandizo, koma nkhuku yake siikana," anatero amayi. "Zikakhuta kuno, zikaikira kwawo."

Kuseri kwa mpanda chitseko chinatseguka, ndipo kunamveka kulira kwa ndowa ndi mapazi a munthu. Amayi anatapa chakudya chodzaza manja, nachiwaza pafupi ndi mpatawo, n'kutembenuka msanga kufulatira mpanda, maso ali padenga la khola ngati akuona pamene likudontha.

"Tembenukani," anatero monong'ona. "Abambo anu sankafuna kuti mayiyo adziwe kuti timaona."

Achimwene anaika nyundo paudzu. Atatuwo anaima chofulatira, akumvetsera milomo ikujompha pansi kumbuyo kwawo.